Mwana amene amawerenga koma satha kulemba dzina lake

Akuluakulu ambiri timaganiza kuti mwana amakula mbali zonse pamodzi, kotero kuti wazaka 4 ayenera kuyankhula, kujambula, kudziletsa ndi kuganiza monga wazaka 4. Kwa ana ambiri maganizo amenewa salakwika kwenikweni, chifukwa ngakhale luso lina litatsogolako, kusiyana kwake sikukula moti n'kudabwitsa munthu. Koma alipo ana ena amene kusiyanaku kumakula kwambiri. Mwana wotere amatha kuwerenga chikwangwani cha minibasi asanayambe Sitandade 1, koma akapatsidwa pensulo amalephera kulemba chilembo choyamba cha dzina lake. Amatha kufunsa funso losowetsa mtendere abusa, kenaka n'kudzigwetsa pansi kulirira kapu imene yapatsidwa kwa mng'ono wake. Ndikulemba za ana amenewa chifukwa ndaona mmene timawalakwira. Timatenga luso lawo lapamwamba kwambiri n'kuliyesa msinkhu wawo weniweni, kenaka timawalanga chifukwa cha mbali zina zimene sizinachedwe konse, zimene zikungoyenda pa nthawi yake.

Mwana wa mchimwene wanga, mtsikana, anayamba kuwerenga asanakwanitse zaka 4 popanda womuphunzitsa mwadala. Ankangokhala pambali mkulu wake akamaloweza maphatikizo a ma, me, mi, mo, mu, ndipo tsiku lina tinangomumva akutchula mawu olembedwa pa paketi ya shuga, kenaka pa thumba la feteleza limene amayi ake ankasungiramo makala. M'chinenero chathu zotere zimachitika mosavuta, chifukwa Chichewa chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira, ndipo mwana akangozindikira kuti chilembo chilichonse chili ndi liwu lake, amayamba kutchula chilichonse chimene waona. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa mu 2003 anaonetsa kuti ana ophunzira zinenero zolembedwa motere, monga Chifinishi ndi Chitaliyana, amakhala akutha kutchula pafupifupi mawu onse osavuta pofika kumapeto kwa chaka choyamba cha sukulu, pamene ophunzira Chingerezi amatenga nthawi yoposa kawiri.

Chimene chinatidabwitsa kwambiri ife chinali bawo. Madzulo mwanayu ankakhala pa khonde ndi agogo ake aamuna, ndipo ikafika nthawi yake yosewera sankafulumira kugwira njere. Ankayendetsa diso pa maenje, milomo ikugwedera, chala chili m'mwamba, kuwerengeratu pamene njere yomaliza ikagwere, ndipo akaona kuti sizimupindulira ankayambiranso kuwerenga kuchokera pa dzenje lina. Agogowo ankaitana anansi kuti adzaone mdzukulu wawo. Koma tsiku limene anamudya njere zambiri motsatizana, mwana uja anagubuduza bawo lonse, njere zinamwazika mpaka m'ngalande, ndipo analira mpaka mawu kusasa. Agogo anakhumudwa nafunsa kuti, "Mwana wanzeru chonchi n'kumachitanso zachibwana?" Amene ankawerengeratu njere uja ankaganiza ngati wazaka 7, koma amene anagonja anali wazaka 4, ndipo wazaka 4 akagonja amalira.

Kusukulu ya mkaka vuto linali pensulo. Ankabwera ndi ntchito yakunyumba yolemba chilembo chimodzi mizere yodzaza tsamba. Pensuloyo ankaifumbata ndi nkhonya, n'kuikanikiza mpaka kuthyola nsonga, ndipo akayang'ana chimene walemba n'kuchiyerekeza ndi chilembo cha m'buku chimene ankachidziwa bwino, ankanyowetsa chala ndi malovu n'kufufuta mpaka pepala kubooka. Tsiku lina anandiuza misozi ili m'maso kuti, "Azakhali, dzanja langali silimva." Aphunzitsi ake anauza makolo kuti mwanayo amadziwa koma safuna, kuti ndi waulesi ndipo wayamba matama. Sindiwaimba mlandu waukulu aphunzitsiwo, chifukwa zimene ankaona zinalidi zosokoneza: mwana wowerenga bwino kuposa kalasi yonse anali womalizira polemba. Koma mwana wofufuta mpaka kubowola pepala sangakhale waulesi. Ana anzake ankalemba zokhotakhota n'kukondwera nazo, chifukwa diso lawo ndi dzanja lawo zinali pa msinkhu umodzi. Iye diso lake linkaona cholakwa chilichonse chimene dzanja silikanatha kukonza.

Zimenezi akatswiri anazilemba kalekale. Leta Hollingworth, amene ankaphunzitsa ku Teachers College ya yunivesite ya Columbia mumzinda wa New York, anatsatira mwachidwi ana 12 amene pa mayeso a nzeru anaposa 180, pamene mwana wamba amapeza pafupifupi 100, ndipo mu 1936 anayamba kuyang'anira makalasi a ana otere pa sukulu ya Speyer. Iye anaona kuti mavuto awo ambiri amachokera pa kukhala ndi nzeru zokhwima m'thupi la mwana ndi mumtima wa mwana, ndiponso kuti mavutowa amakula kwambiri mwana akadali wamng'ono. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa za maganizo wa ku France, Jean-Charles Terrassier, anagawa kusayendera pamodziku m'mitundu iwiri. Kwina kumachitika mkati mwa mwanayo, pakati pa kuganiza ndi dzanja kapena pakati pa kuganiza ndi mtima, ndipo chitsanzo chimene anachitchula kwambiri ndi cha mwana wowerenga msanga koma wovutika kulemba. Kwina kumachitika pakati pa mwanayo ndi omuzungulira, monga sukulu ndi anzake. Mu 1991 gulu la akatswiri ndi makolo limene linakumana ku Columbus, m'chigawo cha Ohio ku America, mmene munalinso katswiri wa za maganizo Linda Silverman, linafika ponena kuti kakulidwe kosayendera pamodzi ndiko chizindikiro chenicheni cha nzeru zapadera, ndipo kuti kusiyanaku kumakula nzeru zikamakula. Si akatswiri onse amene amavomereza kuti limeneli likhale tanthauzo, koma kuti kusiyanako kulipo sakangana.

Masamu akale a mayeso a nzeru amathandiza kuona kukula kwa nkhaniyi, ngakhale mayeso a masiku ano sawerengedwanso motero. Kale ankagawa msinkhu wa maganizo ndi zaka zobadwa n'kuchulukitsa ndi 100. Mwana wazaka 4 wopeza 150 ndiye kuti akuganiza ngati wazaka 6. Zaka ziwiri kwa munthu wamkulu si kanthu, koma pa msinkhu umenewu ndi theka la moyo wonse umene mwanayo wakhala.

Chifukwa chimene dzanja silitsatira mutu si chovuta kumvetsa. Pamfundo ya dzanja pali timafupa 8 timene mwana akamabadwa timakhala tichichereche, ndipo timalimba kamodzikamodzi m'zaka zonse za ubwana, komalizira kamalimba mwana akuyandikira zaka 10 kapena kupitirira. Kagwiridwe kokhwima ka pensulo, ka zala zitatu zoyenda mwaufulu, kamakhazikika mwa ana ambiri pakati pa zaka 4 ndi 6. Palibe nzeru zimene zingafulumizitse fupa. Chimodzimodzi kudziletsa: mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudikira, kubweza mkwiyo ndi kumaliza chimene wayamba, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mu 2006 Philip Shaw ndi anzake ku America anafalitsa zotsatira za kuunika ubongo wa ana 307 pamene ankakula, ndipo anapeza kuti mwa ana anzeru zapamwamba kwambiri khungu lakunja la ubongo limafika pachimake cha kukhuthala kwake mochedwa, cha pa zaka 11 kapena 12, pamene mwa ana anzeru zapakatikati limafika pachimake zaka zingapo m'mbuyo mwake. Kusiyanaku kunaoneka kwambiri mbali yakutsogolo ija. Phunziro limene ine ndimatengapo ndi lochepa koma lokwanira: ubongo wa mwana wanzeru si ubongo wa munthu wamkulu woikidwa m'mutu waung'ono, ndipo uli ndi ulendo wake wautali umene sunathe.

Tikamukwapula mwana wotere kuti alembe monga momwe amawerengera, zili ngati kumanga pa goli limodzi ng'ombe yaikulu ndi thole, kenaka n'kumakwapula tholelo chifukwa ngolo ikukhota. Chimene chimandipweteka n'chakuti mwana amamva uthenga wake bwino lomwe. Amaphunzira kuti kudziwa zambiri kumabweretsa chilango, chifukwa mnzake amene sawerenga palibe amene akumukalipira polemba zokhota.

Pali chinthu chinanso chimene chimasokoneza makolo, ndipo ndikufuna kukhalapo pang'ono chifukwa sichidziwika kwambiri. Kuphunzira kwa ana sikukwera tsiku ndi tsiku. Mwana amatha kulumpha m'sabata imodzi, kenaka n'kukhala miyezi osaonetsa chatsopano, ndipo nthawi zina amaoneka ngati wabwerera m'mbuyo. M'zaka za m'ma 1970 ku Geneva, Annette Karmiloff-Smith ndi Bärbel Inhelder anapatsa ana timatabwa kuti atikhazike pa kachitsulo kopyapyala popanda kugwa. Timatabwa tina tinali ndi cholemera chobisika mbali imodzi. Ana azaka 4 ndi 5 ankangokankha kathabwako uku ndi uku, kumvera m'manja, mpaka katakhazikika. Ana azaka 6 ndi 7 ankalephera timatabwa tolemera mbali imodzi tija, chifukwa anali atapeza lamulo lakuti chinthu chimakhazikika pakati pake, ndipo ankaumirira kuika pakati, kathabwa kakagwa n'kunena kuti n'kosatheka. Atauzidwa kuti atsinzine, ana omwewo ankatha, chifukwa ankabwerera ku kumvera m'manja. Azaka 8 ndi 9 ankathanso maso ali otsegula, atamvetsa kuti kulemera nako kuli ndi mbali. Wazaka 6 uja, amene ankaoneka wolephera kuposa wazaka 4, ndiye anali patsogolo, chifukwa anali atayamba kufuna chifukwa cha zinthu. Mwana wanzeru zapadera amakonda malamulo otere ndipo amawapeza msanga, choncho kugwa kotereku kumamupeza msanganso. Kholo likaona mwana amene mwezi watha ankaphatikiza manambala molondola lero akulakwitsa, lisafulumire kunena kuti nzeru zija zinali zongodutsa. Limufunse mmene wapezera yankholo, ndipo kawirikawiri lidzamva njira yatsopano imene mwanayo akuiyesa.

Kubwerera m'mbuyo kwina kumakhala kwadala. Miraca Gross wa ku Australia, amene anatsatira ana 60 anzeru zapamwamba kwambiri kwa zaka zambiri, anapeza kuti ambiri mwa amene ankawerenga asanayambe sukulu ankabisa kapena kuchepetsa kuwerenga kwawo atangolowa m'kalasi, pofuna kufanana ndi anzawo ndi zimene aphunzitsi ankayembekezera. Mwana wazaka 5 amatha kuona kuti kalasi yonse ikuimba a, e, i, o, u, ndipo iyenso amaimba nawo mokweza, buku limene amawerenga kunyumba osalitchula.

Pa zonse, chimene chimafuna chifundo chochuluka ndi mantha. Hollingworth anaona kuti ana otere amayamba msanga kufunsa za chiyambi cha zinthu ndi za imfa. Kwathu kuno ana amaona maliro ali aang'ono, ndipo ambiri azaka 4 amaganiza kuti womwalira wangopita kwina ndipo adzabwera. Mwana wa mchimwene wanga uja, titachokera ku maliro a mnansi, anakhala chete mpaka usiku, kenaka anafunsa amayi ake ngati munthu aliyense amamwalira. Atayankhidwa kuti inde, anawerengera yekha kuti agogo ndiwo aakulu, kenaka abambo, kenaka amayi, ndipo anafunsa kuti iye adzatsala ndi yani. Kwa masabata angapo sankalola kugona yekha, ndipo anayambiranso kukodza pamphasa. Mutu unafika pa choonadi chimene mtima wa msinkhu umenewo sungathe kuchisenza. Pamenepo mwana safuna mayankho ena owonjezera, ndiponso safuna kunamizidwa, chifukwa bodza amaligwira. Amafuna yankho lalifupi loona ndi munthu womufungata. Tsoka lake n'lakuti ana oyankhula ngati akuluakulu timasiya msanga kuwanyamula.

Ena akamva zotere amakumbukira zimene anthu amanena, zakuti nzeru zikachuluka munthu amapenga, ndipo ena amafika ponong'onezana kuti mwanayo si wabwinobwino. Zimenezi zilibe maziko. Lewis Terman wa ku yunivesite ya Stanford anayamba mu 1921 kutsatira ana anzeru oposa 1,500 a ku California, ndipo anapeza kuti ambiri anakula athanzi ndi okhazikika maganizo. Kulira kwa pa bawo kuja si matenda. Ndi kulira kwa mwana wamba, kumene kumangooneka kwachilendo chifukwa kukuchokera pakamwa pamene mphindi zapitazo pamatuluka zanzeru.

Komabe sindikufuna kuti kholo lililonse loona kusiyana mwa mwana wake lithamangire kunena kuti ndi mphatso. Mwana wotchula mawu olembedwa bwinobwino koma osamva chimene akuwerenga, wosayang'ana anthu m'maso, wosayankha akaitanidwa, wobwereza mawu omwewo popanda kucheza, ayenera kuonedwa ndi achipatala, chifukwa kuwerenga msanga kotereku nthawi zina kumayendera limodzi ndi autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Njira yosavuta yodziwira ngati akumvetsa zimene akuwerenga ndi kumufunsa akawerenga kuti, "Ndiye galu uja anathawiranji?" Mwana wakumva amayankha, ndipo kawirikawiri amawonjezera zake. Khutu lotuluka mafinya, maso osaona bwino, kuchepa kwa magazi, malungo obwerezabwereza ndi njala nazonso zimabweza mbali ina ya mwana n'kusiya ina. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse la Malawi wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Pakati pa ana amenewo palinso anzeru zapadera amene palibe adzawazindikire. Ndiponso mwana angathe kukhala ndi zonse ziwiri, nzeru zapamwamba ndi vuto lenileni la kuphunzira, china n'kumabisa chinzake. Mayeso a nzeru pa msinkhu wa zaka 3 kapena 4 nawo sakhazikika, chifukwa mwana wotopa kapena wamanyazi amapeza nambala ina lero, ina chaka chamawa.

Tsono tingachite chiyani ndi zimene tili nazo? Malawi anakhazikitsa ndondomeko ya maphunziro a mmera mpoyamba mu 2003, ndipo ana ambiri amene amapita kusukulu ya mkaka amapita ku malo oyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi, kumene alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ndi ana amisinkhu yosiyanasiyana m'chipinda chimodzi. Ine ndimaona kuti kusakaniza misinkhuku, kumene ambiri amakuyesa kusowa, kumamukomera mwana wotere, chifukwa amatha kumvera nthano ndi aakulu kenaka n'kukasewera pamchenga ndi amsinkhu wake. Kumene ndimada nako nkhawa ndi sukulu zina zolipira za m'tauni, zimene zimapikisana pa kuchuluka kwa makope odzaza, chifukwa kope ndilo limene kholo lolipira fizi lingathe kuliona. Kumeneko nzeru zonse za mwana zimayenera kudutsa pa nsonga ya pensulo, ndipo pensulo ndiyo mbali yake yofooka.

Chofunika ndi kulekanitsa ziwirizi. Mutu udyetsedwe popanda kudikira dzanja: mwana asimbe nthano yake, wamkulu alembe, kenaka mwanayo awerenge yekha zimene wapeka. Masamu achite pakamwa kapena ndi zitsekerero za mabotolo. Dzanja nalo lilimbitsidwe pa liwiro lake, ndi ntchito zimene sizionetsa cholakwa: kuumba ng'ombe zadongo, kuswa mtedza, kusankha nyemba, kutunga mikanda, kulemba zilembo zikuluzikulu pamchenga ndi kamtengo, pamene phazi limafufuta popanda kubowola kanthu. Kugonja nako ndi luso lophunziridwa. Agogo aja atasiya kudabwa, anayamba kusewera naye magemu aafupi n'kumanena mokweza iwo akadyedwa kuti, "Wandidya, koma tiyeni tione kutsogoloku," ndipo pang'onopang'ono mwana anayamba kutengera mawu omwewo.

Chimodzi chimene ndikupempha makolo kuti asiye ndi chizolowezi choitana mwana kuti, "Bwera uwawerengere alendo." Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anaonetsa, pa ana azaka pafupifupi 10, kuti oyamikiridwa chifukwa cha nzeru ankasankha ntchito zosavuta pambuyo pake ndipo ankagwa mphwayi msanga akalephera, kusiyana ndi oyamikiridwa chifukwa cha khama. Anawo anali okulirapo, koma ndaona zomwezo mwa aang'ono. Mwana amene ulemu wake wonse pakhomo uli pa kudziwa amayamba kuthawa chilichonse chimene sachitha nthawi yoyamba, ndipo choyamba kuthawidwa ndi pensulo.

Funso limene limavuta kwambiri ndi la Sitandade 1. Msinkhu woyambira pulayimale m'Malawi ndi zaka 6, ndipo makolo a mwana wowerenga pa zaka 4 amafuna kumulowetsa msanga. Kafukufuku wa kunja, kuphatikizapo wa Gross, amaonetsa kuti kudumphitsa mwana kalasi kumathandiza kukachitika mosamala, ndipo kumusunga pa zimene anazidziwa kale nako kumawononga, choncho sindinganene kuti kudikira n'kwabwino nthawi zonse. Koma kalasi imene mwana akupitayo iyenera kuyang'anidwa monga ilili. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a Sitandade 1 m'sukulu zambiri za boma ndi odzaza kwambiri, kwina ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi, ndipo ntchito yaikulu ndi kukopera za pa bolodi. Mwana wazaka 4 m'kalasi yotere ayenera kuyenda mtunda, kudzisamalira kuchimbudzi, kuteteza chakudya chake kwa aakulu, ndi kulemba mofulumira, ndipo palibe chimodzi mwa zimenezi chimene kuwerenga kwake kungamuthandize. Komanso zimene akaphunzire kumeneko ndi maphatikizo amene anawadziwa kale. Pa mwana wa mchimwene wanga, banja linasankha kuti adikire mpaka zaka 6, koma mabuku a mkulu wake a Sitandade 2 ndi 3 akhale ake madzulo, ndipo bambo ake anakapempha aphunzitsi a sukulu ya mkaka kuti ntchito yolemba ichepetsedwe kufika mzere umodzi, m'malo mwake azimupatsa mpata wowerengera anzake nthano. Aphunzitsiwo anavomera mzere umodziwo atakambirana kawiri, ndipo anaona okha kuti zilembo za mzere umodzi zinayamba kuoneka bwino kuposa za tsamba lonse.